Fungo la Palafini M'chitsime cha a Gilford

Chinsapo, Lilongwe
14 Febuluwale 1996

Okondedwa achimwene a Nedson,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu pamodzi ndi onse kumudzi. Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine ndili bwino, ndipo ntchito ya kusukulu ikuyenda.

Ndiyambe ndi mwana wanu Tiyese, kuti mtima ukhale m'malo musanawerenge zotsalazi: ali moyo, ndipo wayamba kudya. Sabata yatha anatsekula m'mimba ndi kusanza koopsa, moti pofika naye kuchipatala maso anali atalowa m'kati. Adokotala anandiuza kuti tikanachedwa pang'ono, mukanalandira uthenga wa maliro. Mwana wa anzathu a khomo loyandikana, amene anadwala tsiku lomwelo, tinakamuika m'manda Lachiwiri.

Chimene chandiimitsa mutu ndi m'mene tadziwira gwero la matendawa. Mipopi ya kuno imauma kawirikawiri, choncho tonse a lendi timatunga pachitsime cha eninyumba athu, a Gilford, chimene chili kumunsi kwa mpanda. Madzi ake ndi oyera mbee. Kumtunda kwa mpanda womwewo kuli chimbudzi chokumba. Ana atadwala, a Gilford anati zonsezi ndi ntchentche, ndipo anakhuthulira chigubu cha palafini m'chimbudzimo, monga amachitira ambiri kuno pofuna kupha mphutsi. Pasanapite nthawi, tiyi wa nyumba zonse anayamba kununkha palafini.

Akazi a Gilford, mayi Beatrice, anatikalipira tonse kuti alipo wauve amene watungira chigubu cha nyale, ndipo adziulule yekha. Ine ndinatenga ndowa yatsopano n'kutunga iwo akuona. Pamwamba pa madziwo panayandama timafuta tonyezimira. A Gilford anaseka, nati aphunzitsi ndisabweretse za m'kalasi pakhomo pawo, pakuti dothi ndi sefa, ndipo chitsimecho anachikumba ine ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ndinawapempha kuti angonunkhiza. Ananunkhiza, anayang'ana kuchimbudzi, anayang'ananso kuchitsime, kenaka anangokhala pansi pamatope. Achimwene, taganizirani izi. Ngati palafini anapeza njira, ndiye kuti zina zonse za m'dzenjemo zakhala zikuyenda njira yomweyo, ndipo izo sizinunkha zikafika m'kapu.

Ndiloleni ndifotokoze mwadongosolo, chifukwa pempho langa lagona pamenepa. Dzuwa limakweza madzi a m'mitsinje ndi m'madambo ngati nthunzi, zonyansa n'kutsala pansi. Nthunziyo imasanduka mitambo, mitambo n'kugwetsa mvula yoyera. Mvula ikagwa, ina imathamanga pamwamba kupita kumtsinje, ina imalowa m'nthaka. Yolowayo siima: imayenda pang'onopang'ono pansi pa mapazi athu, kuchokera kumtunda kupita kumunsi, itanyamula zimene yakumana nazo. Chitsime sichipanga madzi akeake ayi, chimangolandira amene adutsa kale pansi pa malo a kumtunda kwake. N'zoona kuti dothi limasefa, koma limafuna mtunda wautali kuti ligwire ntchitoyo. Komanso m'dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kukhudza dzenje la chimbudzi. Izi ndimaphunzitsa chaka ndi chaka ndi choko pabolodi, koma sindinayembekezere kudzazinunkhiza m'tiyi wanga.

Tsono m'kalata yanu munanena kuti mvula ikatha mukumba chitsime pafupi ndi nthochi, kuti amayi asamavutike ndi ulendo wa kumjigo. Cholingacho n'chabwino, ndipo ndikumvetsa kuti mwasankha pamenepo chifukwa madzi ali pafupi. Koma kumbukirani kuti nthochizo zili kumunsi kwenikweni kwa chimbudzi chanu ndi khola la nkhumba. Madziwo ali pafupi chifukwa madzi onse a pakhomo panu amatsikira pomwepo. Pempho langa ndi limodzi: musakumbe pamenepo. Kumbani kumtunda, kuseri kwa nkhokwe, ngakhale dzenjelo litalike ndi ntchito ikule. Tiyese ndi wamng'ono ndiponso wamphamvu, ndipo chipatala chinali pafupi. Amayi alibe zonsezi.

Ndikudziwa kuti mudzati mlongo wanu wayambanso za m'mabuku. N'chifukwa chake Asiyatu, amene akubweretserani kalatayi, ndamupatsiranso botolo la madzi a m'chitsime cha a Gilford. Lisafike m'manja mwa ana. Liyang'aneni padzuwa, muona kuti madziwo ndi oyera kuposa a kumjigo. Mukatero, tsegulani mununkhize, kenaka mukaime pa nthochi paja n'kuyang'ana kumtunda.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi ana onse. Tiyese akuti muwauze amayi ake asalire, tsopano tikumwa madzi owiritsa okhaokha.

Ndine mlongo wanu,
Thandie