Mlongo wanga wabwerako kunja ndi bolopeni

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimagulitsa masipeya a galimoto. Mlongo wanga Janet ndinamulera ndekha makolo athu atamwalira. Anamaliza maphunziro a zamagetsi, koma m'malo mofuna ntchito yooneka amangokhalira kulumikiza timawaya. Wapanga ndodo ya anthu osaona imene imanjenjemera ikayandikira khoma kapena galimoto yoima. Amaiyesera pa a Kasimu, aneba athu osaona, moti masiku ano amapita nayo okha kumzikiti.

Mwezi watha anaitanidwa kumsonkhano wa akatswiri ku South Africa. Ndinauza mzere wonse kuti mlongo wanga wakwera ndege, ndipo pobwera tinachita hayala minibasi kukamuchingamira. Aphungu, m'chikwama munali bolopeni, timakadi ta maina a anthu ndi mulu wa mapepala! Ngakhale nsapato ya mwana, ayi. Nditamufunsa za alawansi anati, "Achimwene, anandilipirira ndege ndi pogona basi. Koma pulofesa wina wa ku India wati tigwire ntchito limodzi." Kodi pulofesa amadyedwa?

Tsopano akumuitananso, ndipo akufuna timusungire mwana wake sabata imodzi. Ndakana. Ndamuuza kuti asiye zidolezo, azikhala mushopu mwanga. Kuyambira tsiku limenelo sakundiyankhula. Nditani kuti maso ake atseguke?

G.G., Biwi, Lilongwe

A G.G.,

Ofunika kutseguka maso ndinu. Mlongo wanu anaima pamaso pa akatswiri a m'mayiko ambiri, ndodo yopangidwira ku Biwi ili m'manja, inu mukulira nsapato. Kodi munamutuma kukaoda katundu? Minibasi ija munachita hayala kuti anthu akuoneni, ndiye manyazi anuwo musamusenzetse Janet.

Alawansi amadya ndi mabwana amene amapita kumisonkhano kukawodzera. Wongoyamba kumene ngati Janet amapita kukadziwika. Timakadi mukutinyozato ndi anthu amene mawa angamuitane kusukulu, kapena kumutumizira zipangizo zimene kuno simungazipeze ngakhale mutazungulira tauni yonse. Ndipo musanatchulenso mawu oti zidole, kawafunseni a Kasimu kuti kale ankafika bwanji kumzikiti.

Mwanayo musungeni. Ndinu malume ake, simukuchitira chifundo munthu ayi. Kenako pitani kwa Janet mukapepese, osatuma akazi anu. Mufunseni chimene chikumusowa: mwina ndi mabatire, mwina ndi nthawi ya pa intaneti yoti aziyankha pulofesa wakeyo. Akamayeserera zimene akakambe kumsonkhano, khalani pansi mumvetsere ngakhale zikupitirireni pamutu. Munthu amalimba mtima poyankhula ndi alendo akadziwa kuti kwawo amamumvera.

Munachita bwino kumulera, ndipo ndikukuyamikani. Koma samalani, kulera munthu si kumugula. Mukapitiriza khalidweli, pomusiya mwana apeza, ndege akwera, ndipo tsiku limene adzasamuke simudzauzidwa kumene wapita.

Aphungu