Chipepeso pa Imfa ya Mayi Constance Mulepa, Katswiri wa Mphepo ya Ndege

Kwa a Hawkins Mulepa, ana, abale ndi anthu onse a ku Manje,

Ife a Bungwe la Amisiri Othandiza pa Ngozi tikulemba uthenga uno pakuti imfa ya mnzathu, Mayi Constance Mulepa, yachitika tikuona ndi maso athu, ndipo mpaka lero mitima yathu sinakhale pansi.

Mayi Mulepa anailowa ntchito yofufuza za mphepo ya ndege chifukwa cha mantha. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Manje, iwo anali m'gulu lofukula anthu m'matope. Helikoputa itaima m'malere pamwamba pawo, anaona mphepo yake ikumenya pansi n'kuthamangira m'mbali, ikuzula malata ndi kuwaponya pakati pa anthu amene anali atangopulumuka kumene. Kuyambira pamenepo, akangomva kulira kwa ndege ankagwira mutu n'kuwerama. Komabe sanathawe. Anaphunzira kuyerekeza mphepoyo pa kompyuta, kuti aone mmene imagundira nthaka yonyowa, mmene imakwerera phiri, komanso kutalika kumene ndege iyenera kuima kuti denga la munthu lisasasuke. Luso limeneli analiphunzitsa kwa amisiri ambiri, ndipo malangizo awo ndi amene timayendera populumutsa anthu.

Sankadalira kompyuta yokha. Lachiwiri lapitali, pabwalo lathu ku Maselema, tinkayesa zimene anapeza pogwiritsa ntchito chifani, chimakina chachikulu chokupiza mphepo, choloza pansi. Atamva lata likulira pa kadenga koyeserera, anatiuza kuti, "Bwererani kumbuyo nonse, msomali wina wazuka. Ndikachizimitsa ndine." Latalo linauluka n'kuwatema asanafike pa swichi, ndipo anatisiya tili m'njira ya kuchipatala.

Sitikubisirani, a Mulepa, tili ndi mantha. Palibe mmodzi wa ife amene walimba mtima kuwakhudzanso makinawo, mitambo yayamba kale kuda pa phiri la Soche, ndipo kafukufuku wa Mayi Mulepa wa malo otsetsereka watsalira panjira. Munatifunsa pamaliro kuti, "Nanga mvula ikabwera, oyendetsa ndegewo awalangiza ndani?" ndipo yankho lake tikulifunafunabe.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima kwa inu ndi ana anu. Mulungu akulimbitseni pa nthawi yowawayi, ndipo ifenso atichotsere mantha mvula isanagwe.

Ambrosi Makwinja
Wapampando