Nkhope ya Amayi pa Chipepala cha Msonkhano

Leeuwarden
9 Febuluwale 2023

Okondedwa achimwene Auke,

Kaya chisanu cha ku Canada chinakuumitsani zala, poti kulemba munasiya kalekale. Kuno ndi mvula yokhayokha. Amayi akudya bwino, koma dzina langa limawabwerera mwa apo ndi apo. Ndili ndi nkhani, ndipo pafoni ndikanangolira.

Ntchito yanga ija mumaiseka mukuidziwa, yoimirira kutsogolo m'misonkhano ya akuluakulu n'kumajambula pa chipepala zimene akukambirana. Mwezi watha tinaitanidwa ku Zwolle, ine ndi Ruurd, mnzanga amene amatseka msonkhano ndi ndakatulo ya zomwe wamva. Unali msonkhano wa oyendetsa nyumba zosungirako okalamba. Ntchitoyi ndi ya liwiro, khutu likamva dzanja limathamanga, mutu umatsatira pambuyo. Wolankhula wina atanena kuti okalamba asamukira ku moyo watsopano, mkulu wa msonkhanowo, Mayi Veenstra, anandinong'oneza kuti ndiikepo nkhope ya munthu chifukwa anthu atopa ndi manambala. Ndinajambula gogo akumwetulira, sutikesi ili m'manja.

Achimwene, dzanja langali likafuna gogo limadziwa nkhope imodzi yokha, ya Amayi. Kachipsera ka pachibwano kaja, ndolo zija anawagulira Abambo, zonse ndinaikapo osaganiza n'komwe. Nditatembenuka kuti nditenge inki ina m'pamene ndinaona mapu amene ankaonetsa pakhoma: nyumba zing'onozing'ono zosungirako okalamba za m'midzi zoti zitsekedwe mwezi wa Meyi, imene amakhalamo Amayi ili pomwepo. Onse akawaunjika m'chinyumba chimodzi m'tauni, kutali ndi manda a Abambo amene amawayang'ana pawindo m'mawa uliwonse. Koma ndisakunamizeni, ndinapitiriza kujambula mpaka anthu anaomba m'manja.

Ruurd ndiye anayesako kutsutsa. M'ndakatulo yake anati mtengo wakale ukauzula suphukanso. Anamuomberanso m'manja, wina mpaka kupukuta misozi, kenako onse anathamangira khofi ndi makeke. Tikupakira katundu anandiuza kuti, "Tjitske, ife ndi maluwa a patebulo basi."

Ndinakapempha Mayi Veenstra kuti ndifufute nkhopeyo. Anandigwira paphewa mwaulemu wonse, n'kundikumbutsa kuti chojambulidwa mumsonkhano ndi cha eni msonkhano, ndipo ndinasainira ndekha. Akuti nkhope imeneyo ndiyo akuluakulu aikonda kwambiri, chifukwa ikuoneka ngati ya munthu weniweni. Ndinawauza kuti ndi mayi anga ondibereka. Anati pepani, aona chochita. Palibe chimene anachita.

Lamlungu ndinapita kukaona Amayi. Chithunzi chija achisindikiza, achipachika pafupi ndi chipinda chodyera, pamwamba pa chidziwitso cha kusamukako. Ndinafuna kuwadutsitsa msanga pa njinga yawo yokankha ija, koma anagwira gudumu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti adzizindikire. Sanadzizindikire. Anamwetulira nati, "Bola mnzangayu. Ana ake abwera kudzam'tenga, akupita kwawo."

Kenako anandifunsa ngati ndine namwino watsopano, ndiponso ngati ana awo anaimbako foni.

Mukafuna kundikalipira kalipani, ndikuyenera, ine ndemwe ndikudzida. Koma mukatha kukalipako mundimvere. Kanyumba kanga kali pamwamba, masitepe okhaokha, Amayi sangakwereko. Nyumba ya makolo ija munakana kuti tigulitse ikungokhala yotseka. Ndikhoza kusiya misonkhanoyi n'kukakhala nawo kumeneko, koma ndekha sindingathe ngakhale kuwadzutsa pabedi. Bwerani Meyi asanafike, tidzakhale pansi ngati ana a munthu mmodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayinso akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti akupita kwa yani. Potsanzikana nawo ndinawauza kuti mwana wawo wamwamuna akubwera, ndipo anandipempha kuti ndiwapese tsitsi. Ndawanamizira kale kamodzi ndi inki, achimwene. Musandisandutse wabodza kawiri.

Ndine mlongo wanu,
Tjitske