Foni yako yazima m'manja mwanga

Martina,

Akundilembera ndi aneba athu a Rose, paja ine sukulu sindinapondeko. Waiwala foni ya kuntchito pawindo. Aimba bambo wa makompyuta kuchipatala cha maso, akuti mayina a odwala ng'ala amene unawapima ku Nsanama sanafike. Akufuna chithunzi cha mawu ofiira amene akutuluka pafonipo isanakwane thwelofu, apo ayi odwalawo dotolo sawaona. Andiuza kuti ndidine mabatani awiri pamodzi. Ndadina osasiya, foniyo n'kuzimiratu. Pepa mwanawe, zala zangazi zinazolowera khasu.

Ndaikulunga m'mpango, ndikupita nayo kwa wokonza mafoni kumsika. Unditsatire, koma usakwere kabaza wothamanga uja. Agogo ako aamuna usawauze. Dzina lawo lili pa mayina omwewo, ndipo chidzukireni akungofunsa tsiku la opaleshoni.

Ndine agogo ako