Usiku wa Nkhosa Zanga

Lachiwiri, 4 Marichi
Andiitana a Bwana Mkulu a pa yunivesite pathu. Ndikangopuma pa ntchito kumapeto kwa mwezi uno, khola la nkhosa aligwetsa. Akuti pakhala poimika magalimoto.

Moyo wanga wonse funso limodzi: ubongo umaliuza bwanji thupi kuti nyengo yobereka yakwana? Nkhosa imadziwira kutalika kwa usiku, ubongo n'kumatulutsa mahomoni pang'onopang'ono ngati mpopi wodontha. Ndiye zanga zimakhala m'khola lopanda mawindo, usiku wake ndimapanga ndine. Kunja dzuwa lili phwee, mkati mdima. Zaka zitatu ndikuzinamiza chonchi. Yankho lili m'magazi amene nditenge sabata yamawa. Likalephereka apa, basi.

Lachinayi, 6 Marichi
Tsiku lonse m'khola ndi katochi kofiira, kuika timapaipi totengera magazi m'makosi mwa nkhosa. Msana ukupweteka. Mutu ukuwawa kuyambira dzulo, maso akuchita chidima.

A Bwana Mkulu akukonza mwambo wonditsanzika. "Mayi, mwaphunzitsa anthu osawerengeka, tiloleni tikulemekezeni." Ulemuwo ndipita nawo kuti? Andisiyire khola langa.

Lachisanu, 14 Marichi
Ndatuluka m'chipatala. BP. Adokotala anati ndikagone kunyumba, ine molunjika kukhola.

Fungo la penti ndinalimvera patali. Chitseko chili yasa, magetsi onse akuyaka, nthawi imene nkhosa zimayenera kukhala pakati pa usiku. Makoma oyera mbee. Wojambula ali chogwada, a Bwana Mkulu akusisita nkhosa, mano onse pamtunda. Chikwangwani changa choletsa kutsegula anachichotsa, ati chimanyansitsa chithunzi. Opaka penti akhala akugwira ntchito sabata yonse, magetsi chiyakire.

Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Iwo: "Timafuna tikudabwitseni, Mayi. Mumdima zithunzi sizituluka."

Ndadabwadi.

Lachitatu, 19 Marichi
Magazi ndinatengabe. Zotsatira zatuluka lero. Chisokonezo chokhachokha, nkhosa iliyonse nyengo yakeyake. Palibe chimene munthu angawerengepo.

Ndapita ku ofesi kukapempha a Bwana Mkulu nthawi yoti ndiyambirenso. Ine, ndi imvi zangazi, kupembedza munthu amene sadziwa kusiyanitsa nkhosa ndi mbuzi. Kuyambiranso n'zaka zina zitatu. Anandithirira tiyi, n'kunena kuti madzi akatayika saoleka. Wataya madziwo ndani? Nkhosa akuti azigulitsa kwa wopha nyama.

Sindikudya. Mng'ono wanga pa foni: "Achemwali, mufera nkhosa?" Mwina.

Loweruka, 29 Marichi
Mwambo uja. Holo yodzaza, ambiri ana anga a m'kalasi, ena ndi mapulofesa tsopano, mimba kutsogolo. Pakhoma chithunzi chachikulu cha nkhosa zanga zikuwala. Anthu m'manja phuphuphu. Ndinangoti zikomo n'kukhala pansi.

Mmodzi yekha sanaombe: Wamakani. Mtsikana amene ndinamuphunzitsa kugwira jakisoni, lero ali ndi labu yake ndipo amalemba poyera kuti maganizo anga ndi olakwa. Sitinalankhulane zaka zambiri. Anayang'ana chithunzi, n'kundiyang'ana ine, dzanja pakamwa.

Panja anandigwira mkono. "Aphunzitsi, ndipatseni nkhosazo. Khola la mdima ndili nalo, ndiyambiranso. Koma mukundidziwa, zikatuluka zokutsutsani ndilemba momwemo."

Mwano wake uja sunathe.

Lolemba, 31 Marichi
Makiyi a labu ndabweza. Wopha nyama anabwera m'mawa kudzaona nkhosa, akuzitsina m'nthiti.

Ndakhala m'khola ndekha, chitseko chotsegula, nanga kutseka n'kwa chiyani tsopano. Ndikampatsa Wamakani, yankho lidzatuluka m'dzina lake. Mwina lidzanena kuti zonse zimene ndaphunzitsa anthu aja zinali zolakwa, ine ndili pakhonde kunyumba, wopanda labu yoti ndidzitetezere. Ndikamukaniza, palibe adzanditsutse. Palibenso adzadziwe.

Ndikuopa. Ndikuopa kwambiri.

Lachiwiri, 1 Epulo
Ndamuimbira. Ndamuuza abwere ndi lole yokutidwa bwino, wopha nyama asanafike. Ndamuuzanso kuti akadzapeza kuti ndinalakwa, asadzandimvere chisoni, adzandiimbire ndisanawerenge kwa ena.

Ndinamva akufwenthera. Wamakani kulira!

Lole yafika. Nkhosa ina yankhope yakuda imavuta kukwera, ndipite ndikaigwire ndekha