Maso a Misozi

Okondedwa basisi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi balamu ndi ana ku Kitwe kumeneko. Ife kuno ku Chawama tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mwana wanu Misozi.

Mayeso a Fomu Faifi ayandikira, koma kusukulu kwawo mankhwala a sayansi anatha kalekale, baticha amangolemba pabolodi. Ndiye Loweruka mwanayu anati ayese yekha pakhomo. Anatapa feteleza wa kudimba kwanga n'kusakaniza ndi soda uja ndimapangira sopo, poti m'masitolo a boma sopo mulibe. Akuti ukatenthetsa ziwirizi pamatuluka mpweya wa amoniya, umene umasandutsa kapepala kofiira kamene anampatsa baticha kukhala kabuluu. Anathira zonsezi m'chitini cha madzi n'kuchiika pambaula, nawerama kuti anunkhize. Chinawira mwadzidzidzi, madzi ake n'kumugwera m'maso.

Ndinamutsuka papompi iye akukuwa, kenako tinathamangira kuchipatala. Maso onse awiri amumanga bandeji. Adokotala akuti lamanzere lidzaona, koma lamanja sakulonjeza kanthu. Basisi, chakudya sichikundilowa.

Chonde balamu atifunsireko kuchipatala cha kumigodi ngati kuli dokotala wa maso, ndipo mundiyankhe msanga. Muzititchula m'mapemphero anu.

Dzulo Misozi anafufuza dzanja langa, nati, "Amayi, kapepala kaja kanasintha?" Kanasinthadi. Ndakasunga m'Baibulo kuti adzakaone yekha.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Misozi