Nkhani ya NyaShaba ndi Mng'ono Wake Selina

Zokambirana za Komiti ya Zaumoyo
Tsiku: Lachitatu, 14 Seputembala 1983
Malo: Khonde la chipatala chathu chaching'ono, kufupi ndi Edingeni
Opezeka: Yoram Mkandawire (Wapampando), Philomena Kachingwe (Namwino), Chikomeni Shaba, Ellen Tembo (Mlembi), Keziya NyaShaba (mlendo)
Opepesa: Woimira Chipani

1. Kutsegula
Wapampando anapemphera nthawi ya 2 koloko.

2. Dandaulo la NyaShaba
NyaShaba anapempha okha kuti nkhani yawo imveke. Anati chibwerere amuna awo a Gordon ku Joni akumva kupweteka pachinena, ndipo mimba siikubwera. Akuchimuna akufuna ng'ombe za lobola zibwerere.

A Shaba, omwe ndi bambo awo aang'ono, anati ng'ombezo zinakwatirira kale mnyamata wawo. Choncho banja lagwirizana kupereka mbirigha, ndiko kuti Selina, mng'ono wa NyaShaba, akaberekere a Gordon.

NyaShaba atavomera kuti za matenda awo zinenedwe poyera, Namwino anafotokoza kuti vuto ndi tizilombo ta chinzonono. Mwa mkazi timabisala, n'kukwera mwakachetechete mpaka kutseka njira ya mazira. Anati akawabaya jakisoni NyaShaba amachira, koma matenda amabwereranso chifukwa a Gordon amakana kubwera, ati sangafole ndi azimayi a sikelo.

A Shaba anati mwamuna wonenepa chonchija sangadwale. Namwino anati iwo sapima nthenda ndi maso ngati ng'ombe ya pamsika. Wapampando analetsa kuseka, ngakhale anayambitsa ndi iwo.

NyaShaba anafunsa ngati adzabereke amuna awo akachira. Namwino anati, "Achemwali, sindikunamizani. Mwina ayi." Mlembi akuvomera kuti apa chisoni chinamugwira.

3. Zogwirizana
Amuna azibayidwa Lachisanu masana, tsiku lopanda sikelo. Wapampando akawatenga okha a Gordon. Za mbirigha, a Shaba anati n'zapabanja, komiti isalowerere.

4. Zina ndi zina
NyaShaba anagwada pamaso pa a Shaba. Anati, "Adada, ndapota. Ine zanga zada kale. Ndikalima fodya mpaka ng'ombezo zikwane, koma Selina musamupereke. Akali Sitandade 8." A Shaba anavula chipewa. Anati mbwenu, basi, mwanayo apitirize sukulu.

Msonkhano wotsatira: 12 Okutobala. Tinatseka 4 koloko.

Y. Mkandawire, Wapampando
E. Tembo, Mlembi